Nsomba Yowoloka Mlatho

Agogo anga aamuna ndikawakumbukira, mphuno ndiyo imayamba: fungo la nthenga zowauka, la phula la njuchi lomwe ankapaka ulusi, ndi la chikhothi chawo chobiriwira chomwe sichinkauma chaka chonse chifukwa cha nkhungu ya pamwamba pa phiri la Zomba. Ankakhala pakhonde m'mawa dzuwa lisanapyoze mitengo ya paini, mwendo umodzi atautambasula, kambedza atakapana pa kachitsulo komangirira kumpando, ndiye n'kumazunguliza ulusi, kuzunguliza, kuzunguliza, kanthenga ka nkhanga kali pakamwa, ine ndili pansi ndikutola tizidutswa togwa kuti mphepo isatitenge. Kuseri kwa nyumba mtsinje unkangosokosera osapuma, moti nditatsikira koyamba kutauni ndinkangoona ngati makutu anga agontha.

Dzina lawo anali a Makawa. Ntchito yawo inali yolondera mtsinje, koma osati mtsinje wonse. Panali mlatho wamatabwa pomwe msewu wa magalimoto onyamula mitengo unkawolokera. Kumunsi kwa mlathowo madzi anali a aliyense: tinkachapa, tinkatunga, anyamata ankagwira nkhanu ndi timatemba, palibe ankafunsa mnzake. Kumtunda kwa mlatho madzi anali a kalabu ya anthu owedza. Panali chikwangwani choyera chomwe agogo ankachitsuka ndi sopo, panali waya waminga, ndipo pansi pa mlatho anatchingapo sefa yachitsulo kuti nsomba za kumtunda zisatsike. Nsombazo dzina lake tirauti, zinabwera ndi azungu kalekale, zamawangamawanga, zokhala ndi mzere wofiirira m'mbali, zokonda madzi ozizira oti ukaviikamo phazi fupa limachita kuwawa.

Mamembala ankabwera Loweruka. Ena anali azungu a kuminda ya tiyi, ena amwenye a ku Limbe, ena mabwana akuda anzathu a m'maofesi, onse atavala zibuluku zamphira zofika pachifuwa. Ngakhale ukhale nazo bwanji, sunkangolowa kalabu imeneyi popanda membala wokuyankhulira. Ndipo lamulo lawo linali lakuti nsomba ija osaiwedza ndi nyongolotsi kapena chiwala, koma ndi kantchentche kabodza komangidwa ndi nthenga, komwe kaja agogo ankamanga pakhonde. Munthu ankaima m'madzi mpaka m'chiuno, n'kumaponya chingwe kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuthamangitsa njuchi, mpaka kantchentche kaja katere pamadzi mwakachetechete. Nsomba ikakodwa, ankaikoka, kuiyang'ana, kujambulitsa nayo, kenako nthawi zambiri n'kuibwezera m'madzi.

Amayi odutsa pamlatho ndi mitolo ya nkhuni ankaima n'kumaonerera zimenezi.

"Taonani, wayibwezanso."

"Kwawo amadya chiyani anthu amenewa, nthenga zomwezo?"

Agogo ankamva koma sankaseka nawo. Ankangowakodola ndi dzanja kuti pitirirani, mithunzi yanu ikuwopseza nsomba.

Nyumba yomwe tinkakhala inali ya kalabu. Inali ya zipinda ziwiri, yamalata, yokhala ndi chumuni, ndipo munali agogo, amayi anga ndi ine, poti bambo anga anapita ku Joni ine ndikukwawa ndipo sanabwerenso. Manijala wa kalabu, bambo wina wowonda wosakonda kuyankha moni, akabwera kudzayendera mtsinje ankadzera kuseri kwa nyumba yathu, n'kuima padzala, n'kumatakasa zinyalala ndi ndodo yake akuyang'ana kumbali ngati sakufuna kanthu. Ankafuna mamba ndi minga. Tonse tinkadziwa. Agogo ankati, "Tsiku lomwe munga wa tirauti udzapezeke padzala apa, malata awa tidzawaonera kunja." Ndipo amayi akamakazinga ngakhale usipa wogula kumsika, agogo ankati asiye thumba lomwe wabwera nalo poonekera, chifukwa "fungo la nsomba lili ndi miyendo, limakafika kwa bwana iwe usanatsuke mbale."

Chaka cha njala ija anthu ankakumba zitsa za nthochi, amalume anga a Fanuwelo, mwana wawo weniweni wa agogo, anakwera phiri ndi anzawo atatenga neti ya udzudzu. Kunali kutangocha, ine ndikutsuka m'kamwa panja, ndiye ndinangomva wezulo ikulira kudziwe lalikulu la kumtunda, kulira kosalekeza, ndipo ndinathamangira komweko amayi akundikuwira kuti ndibwerere. Anzawo aja anali atathawira m'mapaini. Amalume anaima m'madzi, neti ili m'manja, m'kati mwake zinthu zikuphiriphitha, akunjenjemera ndi kuzizira, agogo ali pamtunda wezulo ili pakamwa.

"Bambo, ndi ine," anatero amalume.

"Ndakuona. Khutula."

"Ana anga agona ndi madzi okha, bambo."

"Ndati khutula, Fanuwelo. Nyowetsa manja kaye, usazisupule."

Amalume anakhutula. Agogo anatenga neti ija, anaipinda ili chidonthere, n'kukaipereka kwa manijala pamodzi ndi dzina la mwini wake. Sanawamange amalumewo, koma anawaletsa kukwera phiri, ngakhale kudzacheka matabwa komwe kunali ganyu yawo. Amayi analira tsiku lonse akupala mbatatesi.

"Mwana wanu yemwe, bambo?"

"Ndikamusiya iyeyu, mawa ndigwira mwana wa yani?" anatero agogo. Kenako analoza ine ndi chibwano. "Ndipo iwe ndi kamwanaka mukagona kuti?"

Madzulo ake anatenga theka la ufa womwe unali m'nyumba, anamanga m'kathumba, n'kuuza amayi kuti akatule kwa amalume koma asakanene komwe wachokera. Amalume anaubweza.

Chomwe chimandibwerera kwambiri ndi cha chaka chotsatira, ndili Sitandade 2. Mvula inagwa yamphamvu, mtsinje unasefukira n'kuphwasula sefa ija pansi pa mlatho. Madzi ataphwera, ndinapita kukatsuka mbale kumwala wochapira, kumunsi kwenikweni, ndiye m'kathamanda kotsalira pakati pa miyala ndinaona msana wakuda ukuyenda. Ndinavula kansalu kanga, ndinatchinga uku, ndinatchinga uko, ndinagwa nazo m'madzi, mpaka ndinaikumbatira pachifuwa ikundimenya mbama ndi mchira, n'kuiponya m'ndowa. Inali yaitali ngati mkono wanga. Amayi ochapa anasiya zovala n'kubwera kudzasuzumira.

"Yako imeneyo, mwana iwe. Yadzibweretsa yokha."

"Kuno ndi kwathu, kulibe chikwangwani. Thamanga nayo, amako akaone phwetekere."

Ndinasiya mbale pomwepo, ndinasenza ndowa madzi akundikhavukira kumaso. Amayi atasuzumira m'ndowamo anangotembenuka n'kutenga mpeni pa thandala. Agogo anali pakhonde. Ankakonda kunditchula akazi awo, mwa nthabwala za agogo ndi mdzukulu, ndipo tsiku limenelo anatero ndithu, mawu ali ofewa.

"Akazanga, mwanditengera chiyani?"

"Ndiwo, agogo. Ya kumunsi. Pamwala wochapira penipeni, anthu onse aona."

Anabwera, anagwada, anaiyang'ana nthawi yaitali ikutsegula ndi kutseka makha ake.

"Mbuzi ya a Chikopa ikadula chingwe n'kulowa m'munda mwathu, imasanduka yathu?"

"Ayi."

"Timatani nayo?"

"Timakaisiya kwa eni ake."

"Basi. Thirani madzi ena, yayamba kupuma mothamanga."

Amayi anaponya mpeni pansi. "Bambo, nsomba si mbuzi. Chikwangwani chawo chomwe chimanena za kumtunda kwa mlatho. Mwanayu wadya liti chanyama?"

"Chikwangwani chimanena za madzi, sichinena za dzala," anatero agogo. "Bwana akadzatakasa n'kupeza munga, mungawo udzamuuza kuti ine ndinali wa kumunsi?"

Tinakwera nayo. Ndowa ndinasenza ine, chifukwa anati amene wagwira ndiye amabweza. Njira ya m'mbali mwa mtsinje inali yoterera, masamba a paini atadzaza matope, khosi likuwawa, ine ndikulira mosatulutsa mawu kuti asandimve, ndipo paliponse pomwe kasupe ankatuluka m'mwala agogo ankanditula, n'kutaya madzi ena, n'kuthira ozizira ndi chipewa chawo, akuyankhula ndi nsomba ija pansipansi ngati akutonthoza mwana wodwala. Titafika padziwe lalikulu anandiuza kuti ndiviike kaye manja m'madzi, ndiigwire pansi pa mimba, ndiiloze komwe madzi akuchokera, ndidikire. Inakhala m'manja mwanga kanthawi, yoterera, yamoyo, kenako inangoti pheku, osaonekanso.

Padziwepo panali membala wina, bambo wakuda wonenepa wa magalasi, yemwe anaona zonsezi. Anafunsa, agogo anavula chipewa n'kufotokoza. Bamboyo anaseka, osati moipa.

"Kumunsi kwa mlatho? Aa, madala, imene ija inali yanu. Mukanangodya."

Anapisa m'thumba n'kundipatsa switi. Pobwerera ine ndi agogo tinafika pamlatho. Pamenepo anaima, anayang'ana sefa yophwasuka ija, n'kunena kuti, "Amene wanena uja si amene amatakasa padzala."

Tsiku limenelo tinadyera nkhwani wopanda mafuta. Ndili m'kati modya ndinawafunsa kuti kodi tirauti imakoma bwanji. Anati sakudziwa. Ndinaganiza kuti akundiseka, munthu woti wakalambira pamtsinje umenewo, wodziwa mwala uliwonse womwe nsomba imabisalapo, woti mabwana ankalimbirana ntchentche zake. Koma amayi anagwedeza mutu kuti n'zoona. Sanailawepo.

Mawondo awo atayamba kukana zitunda, kalabu inalemba mlonda wina wachinyamata, ndipo nyumba inali yoyendera limodzi ndi ntchito. Anawapatsa chikhothi chija kuti chikhale chawo. Tinatulukamobe m'nyumba muja, popanda munga ngakhale umodzi padzala. Tinatsikira kumudzi cha ku Domasi, ndipo amene anawamangira kanyumba kaudzu, n'kumawanyamula kupita nawo padzuwa, anali amalume a Fanuwelo. Za neti ija sindinamve wina akuitchula, kupatula tsiku lina amalume akuwameta, pomwe anati, "Khalani bwino bambo, ndingakusupuleni, sindinanyowetse manja," ndipo agogo anaseka mpaka kutsokomola. Asanamwalire anandipatsa kabokosi ka machesi, m'kati muli kantchentche kamodzi ka nthenga ya nkhanga.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ndinakwatiwa ndi a Yohane, omwe amakonza makina akuluakulu, ndipo ntchito yawo ndi yomwe inatibweretsa kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth. Kabokosi kaja ndinakasunga mpaka m'ndege, koma tikutera anayamba kulengeza kuti mbewu, zikopa ndi nthenga sizilowa m'dziko muno popanda chilolezo, a Yohane akundimasulira, ndiye ndinakaponya m'bini ya pabwalo la ndege munthu asanandifunse n'komwe. A Yohane anati ndikanangowaonetsa, mwina akanandilola. Mwina.

Timakhala ku Canning Vale. Ine ndimalongedza masamba m'makatoni kumsika waukulu, a Yohane, omwe ndi bambo a Tadala, amakwera ndege kupita kumgodi n'kukhala komweko masabata, ine n'kutsala ndi Tadala, yemwe wayamba sukulu, ndi kakhanda kathu Mphatso. Viza yathu yamangiriridwa pa ntchito yawo ngati mmene nyumba ija inamangiriridwira pa mtsinje, ndipo ine zimenezi sindiziiwala ngakhale ndili m'tulo. Ndimayang'ana kawiri ndisanataye chinthu, kuti kodi ndi bini ya chivindikiro chachikasu kapena inayo. Ndikamva galimoto yaima panja ndimasuzumira pakatani. Mwana akalira kwambiri ndimatseka mawindo kuti anthu asaganize kuti ndikumumenya n'kuitana aboma. Mayi wachikulire woyandikana nafe, mzungu, ali ndi mtengo wa mandimu womwe nthambi zake zimadutsa mpanda, ndipo mandimu akagwera kwathu ndinkawatola n'kuwandandalika pamwamba pa mpandawo kuti awaone. Tadala ankandifunsa m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno kuti bwanji sitikungodya. Ndinkamuuza za mbuzi ya a Chikopa, iye n'kumandiyang'ana ngati ndayamba misala.

Ndiye mwezi wina, kuzizira kukutha, bambo a Tadala anabwera kuchokera kumgodi ndi ndodo yowedzera. Anati mnzawo wa kuntchito wawaphunzitsa, ndipo kumwera, kunkhalango ya cha ku Dwellingup, kuli mtsinje womwe boma limathiramo tirauti.

"Tirauti?" ndinatero. "Ndiye mwalowa kalabu?"

"Kalabu yanji, amake Tadala? Aliko malo a eni, madamu otchingidwa ndi mpanda, olowa okhaokha odziwana. Koma mtsinje uwu ndi wa aliyense. Umangodula chiphaso pafoni, basi."

"Wakuyankhulirani ndani?"

"Foni," anatero akuseka.

Sindinakhulupirire, koma ndinapita, chifukwa ndinaona kuti ndi bwino akatigwire tonse kusiyana ndi kuti ndizimva ndili ndekha m'nyumba. Ulendo wonse maso anga anali pa zikwangwani. Tinadutsa minda, tinalowa m'mitengo italiitali yonunkhira ngati bulugamu wa kwathu, tinawoloka mlatho, galimoto n'kukhotera kumanja, kuima. Nditatsika, Mphatso ali kumsana, ndinayang'ana komwe madzi akulowera, ndinayang'ana mlatho. Tinali kumtunda.

"Bambo a Tadala, tiyeni kumunsi."

"Kumunsi kuli miyala yokhayokha."

"Chonde, tiwoloke kaye mlathowu, ndiye muponye. Kuno ndi kumtunda."

"Kumtunda kwa chiyani? Kuno si ku Zomba, mayi. Khalani pansi, mwanayo akupsa ndi dzuwa."

Sindinakhale. Ndinayenda m'mbali mwa mtsinje kukwera ndi kutsika, ndikusuzumira m'tchire kufuna waya, kufuna chikwangwani choyera chomwe mwina chagwa, kufuna kanyumba ka mlonda, makutu ali tcheru kudikira wezulo. Panali anthu ena cha patali, bambo ndi mwana wake, agogo ena atakhala pampando wopinda, koma onsewo anali azungu, ndiye sizinandithandize, ndinangoti ndiwo mamembalawo. Bambo a Tadala ankaponya moipa, chingwe chikugwa pamadzi ngati akumenya njoka, agogo anga akanaona akanatembenukira kumbali. Koma nsomba ina yopusa inakodwabe. Anamupatsa Tadala ndodo kuti akoke naye, mwana akukuwa, akudumpha, mpaka inafika pamchenga, yamawangamawanga, mzere wofiirira uli m'mbali, yomweyo ndithu, ngati yachita kunditsatira.

Bambo ake anatola mwala kuti aigogode pamutu. Ndinawagwira dzanja. Ndinakhutula zakumwa zomwe zinali m'chibokosi chozizira, ndinatunga madzi amtsinje, ndinaviika manja, n'kuiika m'menemo yamoyo. Sindinaganize, manja ankangochita okha. Ndipo nditadzutsa mutu ndinaona galimoto yoyera yokhala ndi chizindikiro pachitseko itaima pafupi ndi yathu, mayi wovala yunifolomu ndi chipewa chachikulu akubwera kwa ife.

Zomwe zinadutsa m'mutu mwanga pa kamphindi kameneko ndi zambiri: polisi, khoti, abwana a kumgodi akumva, ndege yobwerera, Tadala akuchotsedwa m'kalasi mwake, makiyi a nyumba tikubweza. Ndinanyamula chibokosi chija, cholemera, madzi akukhavukira pa nsalu, mwana akulira kumsana, ndinathamangira mayiyo, ndinagwada pamiyala, n'kumupatsa ndi manja awiri. Chingerezi changa n'choduka, koma ndinayesa: pepani, ndi yamoyo, sitinaipweteke, tanyowetsa manja, tikubweza, mwini wake ali kuti tikapepese.

Mayiyo anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwada nayenso, kuganiza kuti mwina ndavulala. Tadala anafika akulira, akukoka chibokosi, akuti ndi yake, waigwira yekha. Bambo ake anafika ndi foni m'manja, manyazi ali pankhope, akuti, "Dzukani amake Tadala, anthu akutiona." Mayi uja anayang'ana chiphaso pafoni, anagwedeza mutu. Anatulutsa kathabwa koyezera, anaviika manja ake m'madzi, chinthu chomwe ndinachiona bwino lomwe, anaigoneka nsomba ija pakathabwa, n'kunena mawu kwa Tadala akumwetulira.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti yakwana msinkhu. Ndi yathu. Tikhoza kuibweza kapena kukadya, zili kwa ife."

"Afunseni mwini mtsinje ndani."

"Amake Tadala."

"Afunseni."

Anafunsa. Mayiyo anaganiza kaye, anakankhira chipewa kumbuyo, kenako analoza ine, analoza Tadala, anadziloza yekha, analoza agogo aja a pampando wopinda. Ndinamva popanda womasulira. Koma mawu aja anabwera okha m'khutu, a agogo anga pamlatho paja, ndiye ndinawakoka malaya bambo a Tadala.

"Uyu wanenayu, ndi amene amatakasa padzala, kapena pali wina?"

Anandiyang'ana. Nkhani ya dzala ankaidziwa, ndinawauzapo tili pachibwenzi, ndipo ulendo uno sanaseke. "Ndi yemweyu," anatero. "Ntchito yake ndi imeneyi. Pambuyo pake sikubweranso wina."

Tinapita nayo kunyumba. Ndinaipala ndekha pasinki, mamba ake ang'onoang'ono ndikuwatolera papepala kuti asabalalike. Ndisanayatse chitofu ndinazungulira nyumba yonse kutseka mawindo, ndinatseka chitseko cha kuseri, ndinatchinga ndi thaulo pansi pa chitseko cha kutsogolo, chifukwa fungo la nsomba lili ndi miyendo. Mafuta anatentha, nsomba inalowa, utsi unadzaza kukhitchini, ndiye kachipangizo ka padenga kochenjeza za moto kanayamba kulira. Kamalira ngati wezulo, koma kuposa. Mphatso anadzidzimuka, Tadala anatseka makutu, bambo ake anakwera pampando akukupiza ndi thaulo lomwe lija akuti tsegulani, tsegulani zonse, ndipo ndinatsegula mawindo onse ndi zitseko zonse, fungo lonse n'kutulukira mumsewu, nyumba ndi nyumba.

Nditatuluka kuseri ndi chiwaya m'manja kuti utsi uthe, mayi woyandikana nafe uja anali atasuzumira kale pampanda, akufunsa ngati kwabuka moto. Panalibe pobisa. Ndinamuonetsa chiwaya. Ananunkhiza, anatchula dzina la nsombayo, anafunsa kuti wagwira ndani, Tadala n'kudzigunda pachifuwa. Mayiyo anatenga ndimu limodzi mwa aja ndinandandalika pampanda m'mawa wake, n'kundiponyera m'chiwaya momwemo.

Tinadya. Ndinayamba ndaonetsetsa Tadala akutafuna, akuchotsa minga ndi zala, akupukusa miyendo pansi pa tebulo, osayang'ana kukhomo ngakhale kamodzi. Kenako ndinatsina kachidutswa ka pamsana n'kuika pakamwa. Ndinatafuna pang'onopang'ono kuti ndimve bwino, popeza ndinkalawira anthu awiri. Ndi nsomba yofewa, yofuna mchere wambiri, yonunkhira madzi. Chambo chimaiposa kutali. Ngakhale utaka wouma wothira phwetekere umaiposa. Ndinakhala ndi kachidutswa kaja m'kamwa, ndikuganiza za neti ya amalume, za ndowa ija pamutu, za ufa womwe unabwezedwa, ndipo bambo a Tadala atandifunsa kuti ikukoma bwanji ndinangoti bwinobwino.

Tapitakonso kumtsinje kuja kangapo. Ntchentche za m'sitolo zimamasuka msanga, ndiye ndinayamba kumanga ndekha ndi nthenga zomwe mayi wa mandimu uja amanditolera m'khola la nkhuku zake, ndipo ndinapeza kuti zala zanga zinkaonerera nthawi yonse ija ndili pansi pakhonde, zimadziwa pozunguliza ndi pomangira. Tadala amakhala pansi n'kumatola tizidutswa. Mantha sanathe. Minga ndimaikulungabe m'mapepala awiri ndisanaitaye, ndipo tikafika pamadzi aliwonse, ngakhale kadziwe ka kupaki, maso anga amayamba afuna mlatho kuti ndidziwe mbali yomwe taima. Tadala amathamangira kumadzi n'kumafuna nsomba. Pakamwa panga pamabwera mawu oti bwerera, ali ndi eni ake, ndipo ndimawamva akukwera pakhosi ndi mawu a agogo enieni. Ndimawameza, n'kumuuza kuti anyowetse manja.